Ndalama za Gapu ndi Chiliza cha Bambo

Ndinaganiza zochoka tsiku limene malipiro anga a mwezi wathunthu anatha ndisanafike n'komwe kunyumba ku Area 25. Amalume, achimwene awo a amayi, anali atakhala ku Perth, kutsidya kwa nyanja, zaka zambiri, ndipo akaimba foni sankalephera kunena kuti, "Mbumba yanga singavutike ine ndili moyo." Ndinawauza kuti ndikufuna kukaphunzira ntchito yosamalira okalamba. Anati bwera. Bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri kumudzi ku Mitundu, ine n'kukwera ndege.

Ndinapeza kachipinda ku Morley, pafupi ndi kwa amalumewo, koma ntchito ndinaipeza ku Rockingham, kunyumba yosungirako nkhalamba. Kuti ndikafike kumeneko ndinkakwera basi, sitima, kenako basi ina, ndipo ndikachedwa pang'ono shifiti ankapatsa wina. Galimoto inkafunika. Kubanki anandikaniza ngongole chifukwa ndinali mwana wasukulu wopanda mbiri iliyonse m'dzikomo. Apa m'pamene amalume anati, "Tilembe dzina langa, iwe uzingolipira." Ndinagwada pakapeti yawo n'kuthokoza. Anthu ena amandifunsa kuti bwanji simunalemberane kapepala. Amene amafunsa zimenezo sanakulire kwathu. Ungauze mwini mbumba kuti asaine kutsimikiza kuti sadzakubera? Dzina loti mwana wopanda mwambo ukhoza kufa nalo.

Wogulitsa magalimoto, pafupi ndi Malaga, anali munthu woseka ndi mano onse. Mapepala ankangowatembenuza mofulumira ngati akuwotcha zala, ndipo pakati pake analowetsamo inshuwalansi ya gapu. Anafotokoza kuti galimoto ikadzaphwanyika ngongole isanathe, inshuwalansi wamba imalipira mtengo wa galimoto yokha, ndiye ya gapuyi imatseka mpata wotsalawo. Mtengo wake wa zaka zisanu anauphatikiza mu ngongole momwemo. Amalume anagwedeza mutu n'kusaina. Walira mvula walira matope, ndinadziuza choncho, n'kulandira makiyi.

Zaka zitatu ndinalipira ngongole imeneyo osaphonya ngakhale kamodzi. Ndinasambitsa anthu osandidziwa, ndinatukwanidwa ndi agogo oiwala mayina a ana awo, ndinagwira ntchito Khirisimasi zonse. Nthawi yopuma ndinkadyera m'galimotomo, kumvetsera mauthenga a amayi pa foni mobwerezabwereza, chifukwa sabata inkatha osamva munthu akunditchula dzina langa molondola. Chaka chachiwiri bambo anamwalira. Tikiti sindikanaikwanitsa. Maliro ndinaonera pa foni, nditakhala m'galimoto yomweyo pamalo oimikapo magalimoto kuntchito, ndipo atatha ndinapukuta m'maso n'kubwerera kukadyetsa anthu phala. Pambuyo pake ndinamva zimene azakhali, alongo awo a bambo, ananena pasiwa, zoti ana akunja amalira pa foni. Mawu amenewo anandilasa. Ndinalonjeza amayi kuti chiliza cha bambo ndidzamanga ine, ndi manja anga.

Panopa ndili ku Lilongwe kuno, ndipo ndikaona kagalimoto koyera ngati kaja mtima umayamba kuwira. Sindinakhululuke, ndipo sindinamizira kuti ndakhululuka.

Viza itatsala pang'ono kutha, ndinasonkhanitsa zonse zimene ndinasunga n'kumaliza ngongole, kuti galimotoyo igulitsike yopanda mangawa. Ndalama zogulitsira zinathera fizi yotsala kusukulu ndi tikiti yobwerera. Za chiliza panalibe. Ndinadandaulira mnzanga wakuntchito, Misozi wa ku Chipata, ndipo iye anandiyang'ana ngati ndapusa.

"Iwe, sunalipile gapu? Zaka zibili sunasebenzese, ni ndalama zako izo. Sibazakuuza baja, ufunika kubatumila foni weka."

Ankatanthauza kuti kampani ya inshuwalansi iyenera kundibwezera ndalama za zaka ziwiri zimene sindinagwiritse ntchito, ndiye ndinaiimbira foni. Anandiika pamzere, kanyimbo kakulira m'khutu mpaka nthawi yopuma inatha. Mawa lake anati tumizani kalata yochokera kubanki yosonyeza kuti ngongole yatha. Ndinatumiza. Anati fomu mwalemba ndi yakale. Ndinalemba ina. Tsiku logulitsa zinthu zinawatengera mphindi zisanu, koma kubweza ankafuna mwezi. Pomaliza mtsikana wina wa mawu okoma anandiuza kuti ndalamazo zilipodi, madola opitirira chikwi, koma sangakambirane ndi ine chifukwa mwini wake wa inshuwalansi si ine. Pafomu pankafunika siginecha ya amalume, ndipo ndalama zikanalowa mu akaunti ya dzina lawo basi.

Ndinapita kwawo Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Sindinalowe nkhani mwachindunji, chifukwa wamkulu sumuyamba ndi za ndalama. Ndinafunsa za miyendo yawo, ndinatsuka mbale ndi akazi awo, kenako ndinatulutsa fomu ija n'kufotokoza kuti ndalama zake ndikufuna ndikamangire chiliza cha bambo.

"Maganizo abwino amenewo, mwana wanga," anatero akusaina. "Zikalowa ndikuuza."

Pafomupo ndinalemba imelo yanga, choncho kalata ya kampani inabwera kwa ine kutatsala masiku anayi kuti ndinyamuke. Ndalama zinali zitalowa. Ndinalembera amalume kuti ndaona kuti zatheka. Anawerenga, osayankha. Ndinalembanso mawa lake, mwaulemu kuposa poyamba. Yankho linandipeza pabwalo la ndege: "Uyende bwino. Zinazo tikambirana." Ulendo wonse ndinkadziuza kuti mwina aiwala, mwina atumiza ndikafika. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza.

Nditafika ku Mitundu patapita masabata awiri, azakhali ndi amene anandilandira. Asanandifunse n'komwe za ulendo anandigwira dzanja kupita nane kumanda. Pamanda a bambo panali amisiri awiri, matumba a simenti, ndi matailosi akuda onyezimira.

"Waona zimene achita amalume ako?" anatero azakhali. "Mlamu wotere sapezeka. Munthu wosakhala wa magazi athu, koma watumiza yekha ndalama za chiliza chonse. Ena anabereka ana, ena anapeza alamu."

Ndinafunsa kuti anatumiza zingati. Atatchula, ndinawerengera mumtima pa mtengo wa dola wa sabata imeneyo. Zinali zomwezo, osachotsapo ngakhale khobidi. Amalume akanangodya ndalamazo, bwenzi ndikuti ndi umbava wamba. Koma anatenga lonjezo langa, limene ndinawauza ndekha nditagwada m'nyumba mwawo, n'kulivala ngati jekete lawo.

Tsiku lotsegula chiliza, woyankhula m'malo mwa banja anatchula dzina la amalume katatu, anthu akuwomba m'manja. Za ine anangoti tikuthokoza kuti mwana wafika bwino. Ndinaona amayi ena akuyang'ana nsapato zanga, kufuna kuona ngati zaka zonsezo ndinabwerako ndi kanthu.

Anthu atabalalika ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akusankha mbale zobwereka. Ndinatulutsa foni, n'kuwaonetsa kalata ya kampani ija, ndipo ndinawafotokozera zonse kuyambira tsiku logula galimoto. Anamvetsera osasiya ntchito yawo.

"Ndikudziwa," anatero. "Amalume ako anandiuza okha kuti ndi za galimoto ija."

"Ndiye mwakhala chete anthu akundinyoza?"

"Chaka chamawa akutenga mng'ono wako Tadala. Ukufuna akafikire pakhomo pa ndani?"

Zaka zonse ndinkaganiza kuti kwathu sadziwa mmene timavutikira kunja, kuti akanadziwa akanatimvera chisoni. Amadziwa bwino lomwe. Anakhala pansi, anayeza thukuta langa mbali ino, ulendo wa Tadala mbali inayo, n'kuona kuti ine ndabwerako kale, palibenso chimene ndingataye.

Tili pomwepo foni ya amayi inalira. Anali amalume, pa vidiyo, atakhala pampando womwe uja anasainirapo fomu, akufuna kumva mmene mwambo wayendera. Amayi anawayamikira kwa nthawi yaitali, kenako anapukuta manja pachitenje n'kundipatsa foniyo.

"Thokoza amalume ako."

Tadala anali ataima pakhomo, akundiyang'ana ndi maso a munthu amene wayamba kale kulongedza. Ndinayang'ana nkhope ya amalume, iwo n'kumwetulira osachita manyazi ngakhale pang'ono.

"Zikomo kwambiri, amalume," ndinatero. "Chiliza chake ndi chokongola."

Madzulo ake ndinabwerera kumanda ndekha. Ndinagwada, n'kugwira matailosi aja anali adakali ofunda ndi dzuwa, ndipo ndinawauza bambo mokweza kuti ndamanga ndine.