Tsiku limene seva inameza mayina a alimi

Anzanga, zimene ndikuuzenizi si nthano ayi, ndipo sindinachite kumva kwa munthu, zinandigwera ine mwini wakene masana dzuwa likuswa mtengo, moti mpaka lero ndikamva jenereta ikuzima mwadzidzidzi ndimakumbukira tsikulo. Mayina sinditchula chifukwa ena mwa anthuwo alipobe ndipo timakumana m'maliro, koma amene ankakhala chakumadzulo kwa nyanja ya Chilwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mwina akumbukira.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi pa kasikimu kena ka mpunga m'dera la Kuntumanji. Ndinali mtsikana wongochoka kumene ku sukulu ya taipi ku Zomba, ndipo dera lonselo wodziwa kuyatsa kompyuta ndinali ine ndekha. Kunyada kwake musanene! Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, alimi akabwera kudzafunsa kanthu ndinkayamba ndawaimika pakhonde kaye kuti aone kuti ndatanganidwa.

Kuti mumvetse bwino, ndiyambe ndi nkhani ya mayina. Nyanja itauma zaka zingapo m'mbuyomo, asodzi ambiri anasiya mabwato pamatope n'kukhamukira ku sikimu kufuna minda, ndiye panabuka mikangano yoopsa, mpaka bambo wina anatemedwa ndi chikwakwa pamkono chifukwa cha malire. Panatenga misonkhano yosawerengeka kuti anthu agwirizane kuti puloti yakuti ndi ya uje, yakuti ndi ya uje. Zimene anagwirizanazo zinalembedwa m'mabuku awiri aakulu, ine n'kuzitaipa zonse m'kompyuta. Dzinja lotsatira chiswe chinalowa m'kabati n'kudya mabukuwo mpaka kutsala zikuto zokha, koma ife sitinadandaule, tinkangoti zonse zili m'makina. Chaka chilichonse anthu akamamaliza kukolola, mndandanda uja unkawerengedwa pagulu kuti adziwike oti alime mpunga wachilimwe, poti madzi a nthawi imeneyo sakwanira onse. Dzina lako likasowa pamndandanda, ndiye kuti munda ulibe.

Pa ofesipo tinali ndi a mesenjala, bambo wachikulire wachisilamu, wochepa thupi, wosalankhulalankhula, wa njinga yakale yopanda madigadi. Chizungu sankawerenga, ngakhale Chichewa ankangodziwa kulemba dzina lawo, koma zilembo zachiarabu za ku madirasa ankaziwerenga ngati akumwa madzi. Imodzi mwa ntchito zawo inali kuwotcha mapepala otayidwa kudzenje kuseri kwa ofesi. Tsiku lina anandifunsa kuti mapepala aatali aja okhala ndi timabowo m'mbali, amene makina osindikizira ankalavula, pamalembedwa chiyani. Ndinawayankha mwachidule kuti ndi mayina a anthu. Anafunsanso ngati mayina onga Abudala alimo, ine n'kuti alimo ambirimbiri, nanga dera lino mayina amenewo angasowe? Anangogwedeza mutu n'kutuluka. Patapita miyezi ndinawapezerera akupinda mapepala oterowo n'kulowetsa mu mkanjo, ndipo ndinawakalipira pamaso pa anthu, bambo woti akanatha kundibereka, kuwanena kuti akukagulitsa kwa amayi okulunga zitumbuwa, ndipo ndikadzawaonanso ndidzawaneneza kwa abwana. Kuyambira pamenepo utsi unkafuka kudzenje monga mwa masiku onse, ine n'kumati ndawawongola.

Ndiye kunabwera makina atsopano, chibokosi chachikulu cholemera chimene ankachitcha seva. Bungwe lathu linagwirizana ndi a zausodzi komanso a zaumoyo kuti m'malo mogula makompyuta atatu, tonse tizigwiritsa ntchito makina amodzi. Anatumiza katswiri wochokera ku Zomba, bambo wodekha wa magalasi, amene anafika Lachisanu m'mawa, pomwe kuwerenga mayina kunali mawa lake Loweruka. Abwana anali ku msonkhano m'tauni, ndipo foni kunalibe. Katswiriyo anandifotokozera kuti aika pulogalamu yaikulu yoyendetsa seva, ndipo m'kati mwa pulogalamuyo mukhala makompyuta atatu osaoneka ndi maso, iliyonse yoyaka ndi kuzima payokha, ngati nyumba imodzi yogawidwa zipinda, aliyense ndi kiyi wake. Ine ndinkangovomera ngati ndikumva zonse. Anatinso disiki ya sevayo ndi yaing'ono, choncho achotsa disiki ya m'kompyuta yanga yakale n'kuiwonjezera mmenemo, koma pulogalamu yatsopanoyo ikamalowa ifufuta chilichonse chimene ichipeze.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Anandifunsa ngati ndinasunga mndandandawo pena. Ndinatulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza ndi madisiketi, tizinthu tija tamakona anayi tolowetsa pakamwa pa kompyuta, ndipo ndinamuuza monyadira kuti mwezi uliwonse ndimakopera. Anafunsanso kachiwiri ngati ndinayamba ndawayesapo kuti amatseguka. Mukudziwa zimene ndinayankha? Ndinati inde, dzulo lomweli. Linali bodza. Ndinangoona ngati akundiderera poti ndine mkazi wa kumudzi, ndipo ndinafuna kuti aone kuti nanenso ntchito ndimaidziwa. Anati tiyese kamodzi asanayambe, ine n'kuti petulo wa jenereta ndi wochepa, tisataye nthawi.

Analowetsa chimbale chake chonyezimira cha pulogalamu ija. Pagalasi panabwera mawu oyera pa buluu, ofunsa ngati tikutsimikizadi kuti zonse zifufutidwe. Anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu, iye n'kudina. Kamzere kanayamba kukwawa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, ife n'kumamwa tiyi, kumacheza za msewu woipa wa ku Zomba. Cha m'ma 11 koloko zonse zinali zitatheka, ndipo anandionetsa makompyuta atatu aja akuyaka m'kati mwa makina amodzi, zinthu zodabwitsa ndithu, mpaka ndinawomba m'manja. A mesenjala anatsanzika kuti akupita ku mzikiti kukaswali Ijuma.

Kenako katswiri uja anati tibwezeretse mayina m'chipinda chathu cha mu seva. Analowetsa disiketi yoyamba, makina n'kulira kuti khrr khrr, ngati munthu wotsamwa, n'kukana. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi. Anatenga imodzi n'kukankha kachitsulo kake kuti aone m'kati, n'kundionetsa, ndipo munali nkhungu yotuwa ngati ya pachimanga chofuka. Anandifunsa kuti chitinicho ndinkachisunga kuti. Ndinaloza pakona, kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa. Pajatu kusukulu anatiuza kuti madisiketi azikhala pozizira, nanga m'kaofesi ka malata kameneko malo ozizira akanakhala ati kuposa pamtsuko? Chinyontho cha mtsukowo chinali chitawadya onse, osatsala ngakhale imodzi.

Ndinamugwira malaya bamboyo kumupempha kuti abweze zimene wafufuta, iye n'kuti pulogalamu yatsopano yalemba kale pamwamba pake, palibe chimene angachite. Ndinakuwa kuti mayina apita, mayina onse apita, osakumbuka kuti pakhonde panali alimi awiri odikira kufunsa za mawa.

Mbiri yoipa m'dambo imathamanga, anzanga. Pasanathe ola anthu anayamba kutuluka m'minda, ndipo poti inali nyengo yokolola aliyense anali ndi chikwakwa m'manja. Nkhani pofika kumapeto kwa sikimu inali itasintha kale, ankati kalaliki wagulitsa mapuloti kwa anthu a m'tauni ndipo waitanitsa munthu wodzafufuta umboni. Katswiri uja anatseka chitseko n'kuikapo tebulo. Wina kunja anazimitsa jenereta, ndipo bata limene linagwa pamenepo sindidzaliiwala, chifukwa tsopano mawu aliwonse ankamveka bwinobwino. Mwala woyamba unagwa padenga, wachiwiri n'kuswa galasi la zenera. Wapampando wa komiti ya alimi ankayesa kuwaletsa koma mawu ake ankamira. Kenako ndinamva mwamuna wina akufunsa anzake, modekha ndithu, kuti kodi chigubu cha petulo wa jenereta chili kuti. Ndinakhala pansi pasimenti, ndipo sindibisa, ndinadzinyowetsa.

Koma chimene chinandilasa kwambiri si miyala ayi. Pazenera losweka lija panabwera mayi wina wamasiye amene ndinkamudziwa, mwana ali kumsana. Sankakuwa, ankangondifunsa chapansipansi kuti achemwali, kodi dzina la malemu amuna anga nalonso lapita? Anati abale a malemuwo akhala akulimbana naye kuti achoke pamundapo, ndipo chimene chinkawaletsa ndi mndandanda wokhawo, poti komiti inalemba dzina lake pambali pa la mwamuna wake.

Nthawi yomweyo anthu anali akutuluka ku mzikiti, gulu n'kumakulirakulira. Ndinaona a mesenjala akudutsa pakati pa anthu akukankha njinga yawo, n'kufika pazenera. Anandifunsa kuti mwanangu, chatayika n'chiyani? Ndinati mayina. Anafunsa ngati ndi omwe aja a pamapepala a timabowo, ine n'kuvomera ndikulira. Anangotembenuza njinga n'kupalasa kulowera kumudzi kwawo. Mumtima ndinati basi, andithawa, ndipo akuchita bwino, si ine ndinawanyoza pagulu?

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chigubu chija chinali chitapezeka, ndinkachimva chikugunda pakhonde, anthu akukangana, ena akuti tiwatulutse kaye, ena akuti ayi. Katswiri uja anali atavula magalasi akupemphera. Kenako phokoso linayamba kuchepa kuchokera kumbuyo, ndipo nditasuzumira ndinaona a mesenjala akubwera, thukuta lili kamukamu, pakaliyala atamangapo thumba la mpunga. Analitsitsa pakhonde, pafupi ndi chigubu chomwecho, n'kumasula. Munali mapepala, anzanga, mapepala anga onse otaya, opindidwa bwinobwino, okulungidwa m'pulasitiki, pakati pake ataikamo masamba a nimu kuti tizilombo tisadye. Anauza anthu kuti mayina awo sanapite kulikonse, akhala ali padenga la nyumba yawo nthawi yonseyi, ndipo amene akufuna kuwotcha ofesi ayambe wawotcha thumbalo iwo akuona.

Pamwamba penipeni panali mndandanda wathunthu umene ndinasindikiza milungu itatu m'mbuyomo n'kuutaya chifukwa riboni inali itatha inki ndipo zilembo zinkaoneka motuwa. Wapampando anandiuza kuti nditsegule chitseko ndiwerenge pompo, tisadikire mawa. Ndinatuluka nditadzikulunga chitenje cha mayi wamasiye uja, amene anachita kundipatsira pazenera ataona mmene ndinalili. Ndinayamba kuwerenga, puloti ndi dzina, puloti ndi dzina, aliyense akamva lake ankavomera n'kutsitsa chikwakwa. Nditafika pa dzina la malemu aja ndi la mkazi wawo pambali, mayiyo anangokhala pansi n'kuphimba nkhope. Pomafika tsamba lomaliza dzuwa linali litapendeka, ndipo chigubu chija wina anali atachibweza mwakachetechete kuseri.

Sabata yotsatira ndinataipanso zonse m'chipinda chathu cha mu seva, ndipo katswiri uja sanachoke mpaka titasindikiza makope atatu n'kuyesa disiketi iliyonse iye akuona. Za bodza langa sanauze abwana, anangoti nayenso analakwa kukhulupirira pakamwa pa munthu m'malo moyesa yekha. Ndinakawauza ndekha.

A mesenjala ndinawapitira kwawo, ndinagwada pabwalo, ine amene ndinkawaitana ndi chala. Ndinawafunsa chifukwa chimene anapitirizira kusunga mapepalawo nditawaopseza. Anati iwo sankasungira ine kapena sikimu, za kompyuta sankazidziwa n'komwe. Anati dzina ngati Abudala lili ndi dzina la Mulungu m'kati mwake, ndipo iwo anakula akuphunzitsidwa kuti pepala lolembedwa dzina la Mulungu silitayidwa kudzala pamodzi ndi zinyalala, ndiye kudzenje ankangowotcha maenvulopu ndi mapepala a kaboni kuti ndione utsi. Ndinati nanga bwanji munasunga ndi masamba a mayina a ife Akhristu omwe? Anaseka n'kuti zilembo zanuzi sindizidziwa mwanangu, ndikanasiyanitsa bwanji, komanso onsewo anawalenga ndi mmodzi.

Anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo pamaliro awo ndinalira kuposa ana awo ena. Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu anayamba kundikonzera chipulumutso miyezi yambiri ndisanalakwe, ndipo anachiika m'manja mwa munthu amene ndinkamuona ngati wosadziwa kanthu. Ndiye inu amene mumagwira makinawa, makina akakufunsani ngati mukutsimikiza kufufuta, musayankhe ndi kunyada, yambani mwatsegula chimene munasungacho n'kuchiona ndi maso anu. Ndipo amene amasesa ndi kutaya zinyalala pa ofesi panu muziwapatsa moni mwaulemu. Ine mpaka pano pepala lokhala ndi dzina la munthu sinditha kuliponya pamoto, ndili ndi thumba langa padenga, ndipo ana anga akamandiseka ndimangowasiya.