Makina Amene Sankazimitsidwa

Dzina loti a Theka analipeza pantchito. Munthu akafunsa ngati chitsulo chake chatha, iwo ankachiyeza, n'kuchiyezanso, kenako n'kuyankha kuti, "Kwatsala theka la milimita." Zaka makumi awiri ndi zitatu akuyankha zomwezo, mpaka mayi wogulitsa tiyi pageti, amene milimita sankaidziwa n'komwe, ankawaitana dzina lomwelo.

Anayambira pa makina opukusa ndi manja. Alamu awo, eni shedi, atagula makina osema zitsulo oyendera kompyuta, otha kale ntchito kwa eni ake oyamba, a Theka anangowazungulira manja ali kumbuyo. Luso linali m'zala, koma tizilembo ta pasikirini tinkawatulutsa misozi. Amene anakhala pansi ndi chibuku cha makinawo anali akazi awo, omwe ankagwira mu ofesi ya achimwene awowo. Miyezi inayi ali nacho, mpaka anachimvetsa. Ntchito inangogawika yokha: mayi kulemba mapulogalamu ouza makina podula, bambo kumanga chitsulo ndi kuyeza.

Mayiwo anali ndi kakhalidwe kawo. Pamzere woyamba wa pulogalamu iliyonse, pamene anthu amalemba dzina la chitsulo, iwo ankaonjezerapo kamawu kopita kwa amuna awo. "Mwadya?" Pena, "Valani magalasi, nkhalamba inu." Pena, "Musayeze kachitatu, chili bwino." Mapulogalamu mazana awiri ndi khumi ndi anayi, iliyonse ndi kake. A Theka ankati n'zachibwana zimenezo, koma kuwerenga ankawerenga.

Zonsezo zinkakhala m'kompyuta ya makinawo, kwina kulikonse kunalibe. Chozisunga magetsi akathima chinali kabatire kofanana ndi chala chachikulu, ndipo kanali katafooka. Tsiku limodzi kankapirira, koma osati masabata. Kachenjezo kake kanayamba kuphethira pakona ya sikirini mwezi umene mayiwo anagonekedwa m'chipatala.

"Kabatire kaja mukasinthe makina ali oyaka, mwamva? Mukazimitsa kaye, zonse zipita," anawauza ali pabedi.

"Ndisintha mawa."

Batire latsopano anagula ndithu. Linakhala m'thumba la ovolosi, lili m'pepala lake.

Maliro atachitika, alamu anatseka shedi masabata atatu. Kwa iwo sizikanaoneka bwino kuti makina azing'ung'udza okha mchemwali wawo ali m'manda. Anazimitsa mababu, anazimitsa ketulo, kenako anatsitsa swichi yaikulu ya kukhoma, imene inali isanatsitsidwepo chigulire makinawo. Anachita mwaulemu, munthu wa Mulungu.

Masabatawo atatha, Lolemba m'mawa a Theka anadziwa asanatsegule n'komwe chitseko. M'katimo munali zii. Anavala ovolosi, anakweza swichi, anadina batani lobiriwira. Sikirini inangokhala bii.

Sanakwiye. Sanachitenso mantha. Chichokereni kumanda m'chifuwa mwawo munalibe kalikonse, ndipo chakudya chilichonse chinkangomveka ngati pepala. Manja okha ndi amene ankadziwa chochita, ndiye anawaleka achite.

Anapotokola batani lofiira loimitsira makina pangozi, kuti mwina wina analikankha. Ayi, linali bwino. Anatsegula kabati ya kumbuyo, n'kuyeza ndi mita mawaya atatu olowa. Magetsi ankafika. Anayeza mafuzi akuluakulu limodzilimodzi, onse amoyo.

Alamu anatuluka mu ofesi ndi makapu awiri a tiyi. "Bwanji alamu, akukana?"

"Akukana."

"Aaa, nawonso akulira amenewa. Apatseni nthawi."

A Theka sanaseke. Anagwada n'kuyang'ana kabokosi kamene kamapatsa kompyuta magetsi ake ochepa. Kanyali kake kanali kozima. Anakankha fani ya pambali pake ndi chala, koma inali gwa. Zaka zonsezi inkazungulira chifukwa choti sinaimepo nthawi yaitali. Itangoima, mafuta ndi fumbi la chitsulo zinauma n'kuigwira, ndipo atakweza swichi ija kafuzi kakang'ono kanapsa.

Anaimasula fani, n'kuitsuka ndi palafini m'chivindikiro cha chitini mpaka inayamba kuzungulira ndi mpweya wa pakamwa. Mafuzi osungira anali m'kachitini pashelefu, kolembedwa pamwamba ndi dzanja la mayiwo. Anatengamo kamodzi, n'kukaika m'malo mwa kopsa kaja, n'kubwezera kachitiniko, zolembazo zitayang'ana kukhoma. Tiyi uja anazizira pomwe anamuika.

Anadinanso batani. Fani inalira, kanyali kanayaka, sikirini inayera pang'onopang'ono.

"Eyaa! Mwaona?" anakuwa alamu, akuwamenya paphewa. "Ndimawauza anthu ine, a Theka ndi dokotala!"

Pasikirini panabwera mawu ofiira. A Theka anavala magalasi. Anadina batani la mndandanda wa mapulogalamu, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Pamwamba panalembedwa ziro. Pansi pake panalibe kanthu. Anatuluka n'kulowanso kachiwiri, kenako kachitatu.

Alamu anasuzumira, ndipo kumwetulira kunawathera. "Zapita?"

"Zapita."

"Zonse?" Anakanda kumutu. "Komabe musadandaule. Manambala oyendetsera makina tili nawo papepala mu ofesimu. Mapulogalamuwo tipeza munthu atilembere ena, zojambula zake zilipo." Anaima kaye, n'kuyang'ana swichi ya kukhoma. "Kapena ndi ine, alamu? Ndinalakwa kuzimitsa?"

"Ayi alamu, inu simunalakwe."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa batire lija. Pepala lake linali litada ndi girisi. Anatsegula kachitseko pansi pa sikirini, makina ali oyaka monga anauzidwira, n'kuzula lakale, n'kulowetsa latsopano. Linangoti tha. Kachenjezo ka pakona kanazima. Ntchito yonse sinakwane ndi mphindi imodzi yomwe.

Alamu anabwerera mu ofesi kukafunafuna pepala la manambala. A Theka anakhala pampando wautali umene mayiwo ankakhalira polemba. Anachotsa pensulo kukhutu, anatembenuza chojambula chakale cha giya, n'kuyamba kulemba kuseri kwake. "Mwadya?" Pansi pake, "Valani magalasi, nkhalamba inu." Anapitiriza, akuima nthawi yaitali pakati pa mzere ndi mzere, fani ikulira kumbuyo kwawo.

Pofika masana anawerenga zimene analemba. Anawerenganso, chifukwa a Theka sayeza kamodzi. Pa mazana awiri ndi khumi ndi anayi aja, anakumbukira khumi ndi kamodzi kokha.