Ndinatsitsa Tenti Pamaliro a Abwana Anga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zipi. Ndinali nditabwera ku Mzuzu kuchokera ku Ntcheu zaka zimene yunivesite inali itangoyamba kukoka anthu, mzinda ukufufuma mbali zonse, aliyense wa kapuloti akumanga tizipinda ta ophunzira. Ine sukulu inandikana, koma makina osokera ankandimvera. Ndinkakhala kwa achemwali anga ku Masasa, masana n'kumasoka zigamba pakhonde la golosale. Tsiku lina panaima bambo wamfupi, wa imvi m'ndevu mokha, atakolekera paphewa chilona chobiriwira chimene zipi yake inali itathothoka mano. Matelala ena anali atachikana poopa kuthyola singano. Ine njala sinandilole kusankha. Ndinathyoladi singano, koma zipi ndinaika.

Bamboyo anaikoka uku ndi uku, sinakodwe. "Yewo chomene," anathokoza m'chiyankhulo cha kumpoto. "Kodi makwerero umawaopa?" Ndinati ayi, ngakhale ndinali ndisanakwerepo ngakhale amodzi. "Mawa ubwere ku Mchengautuwa. Ukafunse kwa a Mhone a matenti."

A Mhonewo anali bambo wa zipi yemwe uja. Galaja yawo inali kuseri kwa nyumba yawo, mumpanda womwewo. Ntchito yake inali imodzi, yachilendo nthawi imeneyo: kumanga matenti ogonamo pamwamba pa magalimoto. Makasitomala anali aphunzitsi a ku yunivesite opita kukafufuza za udzu ndi mbalame ku Nyika, anthu a mabungwe, ndi azungu oyenda maiko. Anthu a m'derali ankatiseka kuti tikumangira anthu zisa ngati nkhunda. Tinalipo ine, a Mhone, ndi dalaivala wawo Wongani, mnyamata wamtali wosayankhulayankhula. Tsiku loyamba lomwelo a Mhone anandibatiza dzina la kumpoto, NyaPhiri, n'kundipatsa ovololo ndi sipanala ya nambala 13. Anati sipanalayo izigona m'chikwama changa, chifukwa ya m'bokosi la onse imamera miyendo.

Matenti atsopano sankagula kawirikawiri. Ankagula kwa apaulendo amene afika pothera, kapena kwa obwera nawo kuchokera ku Joni. Pogula, mphuno ndiyo inkayamba. Umatsegula tenti, kulowetsa mutu, kununkhiza. Ikamanunkha chuku ndiye kuti mwini wake ankaipinda yonyowa, ndipo ku Mzuzu kuno, kumene mvula imawaza ngakhale dzuwa likuwala, tenti yotero sichira. Kenako umagogoda thabwa la pansi kumva ngati lafumbwa, umagwedeza mahinjesi, umatambasula makwerero, umakweza matiresi kuona kunsi kwake.

Kumanga kwake kunali motere. Padenga timaika zitsulo ziwiri zopingasa, miyendo yake itagwira mlomo wa denga, muja muyenda madzi a mvula. Tenti timaikweza ndi unyolo wokwezera injini, umene unkalendewera pachimango cha mapaipi pakati pa bwalo, galimoto n'kubwerera chambuyo mpaka kulowa pansi pake. Kunsi kwa tenti kuli tinjanji tiwiri mmene mumalowa mitu ya mabawuti. Mabawutiwo amakumbatira chitsulo chopingasa, pansi n'kuikapo kachitsulo kafulati ndi manati. Sumanga nati imodzi mpaka kumapeto. Umamanga pang'ono kona iyi, pang'ono yoyang'anizana nayo, kuzungulira choncho mpaka zonse zitagwira mofanana. Ukatha, galimoto imakaigwedeza kaye mumsewu wa mabampu wa ku Kaning'ina, pobwera n'kumanganso. Zala zanga zinang'ambika mwezi woyamba wonse, ndipo a Mhone chisoni analibe. Nati ikakhala yofooka ankangoiloza ndi mlomo.

Koma lamulo lawo lalikulu linali la kulemera. Galimoto ikaima, denga limapirira tenti, bambo, mayi ndi mwana, onse atagona. Ikamayenda ndi nkhani ina. Chilichonse chili pamwamba chimaikoka galimoto pokhota, ndipo chikakwera kwambiri chimakokanso kwambiri. "Ikamayenda, denga n'la tenti yokha," ankauza kasitomala aliyense, kaya ndi pulofesa kaya ndi mzungu. "Chigubu cha madzi pansi. Tayala pansi. Apongozi pansi."

A Mhone anali ndi galimoto yawoyawo, yoyera, yaitali msana, imene tinkaitcha Nkhalamba. Pamwamba pake pankakhala tenti yabwino kuposa onse, yoonetsera makasitomala. Koma munthu wa galimoto ku Mchengautuwa ali ndi ntchito ina imene sailembera kalata: kunyamula maliro. Ambiri okhala mumzinda muno ali ndi kwawo, ndipo munthu akamwalira amapita kukagona kwawo. Pakagwa zovuta anthu ankabwera kudzapempha Nkhalamba, ndipo a Mhone sankakana. Chimene ankachita, asanapereke kiyi, n'kutiitana ine ndi Wongani kuti titsitse tenti. Mipando ikapindidwa kuti bokosi lilowe, katundu yense wa operekeza amathawira padenga: matumba a chimanga, mitolo ya nkhuni, zikwama, mapoto. Katundu wa pamaliro sungamukane, ungamuuze ndani kuti thumba lake litsale? Chimene ungachotse ndi tenti, kuti katunduyo akhale pansi, pazitsulo, pomangika bwino. "Womwalira safa kawiri," ankatero a Mhone, "koma operekeza amafa." Tinachita zimenezi kangapo mpaka zinangosanduka chizolowezi.

Chaka changa chachiwiri chili mkati, a Mhone anagwa pabwalo m'mawa wina akumwa tiyi. Anawatengera kuchipatala pa Nkhalamba yomweyo, ndipo sanabwereko amoyo.

Ndinalira ngati anali bambo anga ondibereka, ndipo sindichita manyazi kunena. Pamsewu anaika masamba, amayi a mpingo anadzaza nyumba, abale anakwera kuchokera ku Nkhata Bay. Anawatsogolera akulu awo a malemu, bambo Yotamu, munthu amene ndinali ndisanamuonepo pagalajapo ngakhale tsiku limodzi. Chinthu choyamba chimene anachita, asanakhale n'komwe pansi, chinali kutseka sitolo ya zipangizo ndi loko, kiyi m'thumba. Sindiwada pa chimenecho. Tonse tinamvapo za maliro amene katundu amatha thupi lisanatuluke m'nyumba. Mayi a kunyumba, a NyaChirwa, anali m'chipinda pamphasa, atazunguliridwa ndi amayi, mutu uli pansi. Namfedwa salamula kanthu. Amangokhala, ena n'kumamuyendetsera zonse.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinatuluka m'nyumba kukatunga madzi, ndipo ndinaona Nkhalamba ili pabwalo, mipando yopindidwa kale, tenti ili pamwamba pomwepo. Pambali pake panali mulu wa katundu wofika m'chiuno, anyamata akumasula zingwe kuti ayambe kuponya pamwamba pa tentiyo. Chivindikiro cha tenti n'choterera, chilibe pogwira chingwe. Ndipo msewu wotsikira ku Nkhata Bay aliyense amaudziwa, makhotamakhota okhaokha, phompho lili pambali, m'mawa umenewo n'kuti kukuwaza. M'galimotomo mumayenera kukhala bokosi, a NyaChirwa, ana awo ndi amayi ena.

Ndinapita kwa Wongani, amene anali atatsamira tayala. "Achimwene, tenti ija sitinatsitse."

"Nkhumanya, ndikudziwa," anayankha osandiyang'ana. "Ndawauza a Yotamu. Akuti chinthu chilichonse cha malemu chisasunthe mpaka titaika."

Ndinapita ndekha. Ndinagwada patali pang'ono ndi pamene panakhala abambo, monga mwa ulemu, n'kupempha kuti ndiyankhule nawo. Ndinafotokoza kuti malemu ankatsitsa tenti nthawi zonse galimoto ikamanyamula maliro. Bambo Yotamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe ndiwe mwana wa ndani pano?"

"Ndine wantchito, bambo."

"Wantchito. Ndiye kagwire ntchito kumoto uko, amayi anzako akuphika."

Ndinabwerera kuseri kwa nyumba mtima ukuwira. Ndinadziwa bwino lomwe chimene chidzanenedwe ndikakhudza tentiyo. Mtsikana wobwera, wopanda mbale aliyense pamalopo, kumasula katundu wodula kuposa yense pabwalo, mwini wake ali m'bokosi. Dzina lake la zimenezo ndi limodzi. Koma ndinkangoona galimoto ija ikupendekeka pakhota, a Mhone ali mkati, ana awo ali mkati. Ndinatsegula chikwama, sipanala inali momwemo.

Anyamata a zingwe aja atangochokapo, ndinamanga chitenje cholimba, n'kukwera pa tayala la kumbuyo. Pamwamba pa galimoto, pamaliro, munthu wamkazi! Ndinayamba ndi nati ya kumbuyo kumanzere. Wongani anandiyang'ana kanthawi, kenako anapukusa mutu, nalowa m'galimoto, naibweza pang'onopang'ono mpaka pansi pa chimango. Mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku limenelo mwambiwo unali weniweni. Manati anatuluka mwakachetechete. Chimene chinatiulula ndi unyolo. Unyolo wokwezera injini sudziwa maliro, umalira kwetekwete ukamakokedwa, ndipo unalira pakati penipeni pa nyimbo. Nyimbo inazima ngati wina waithira madzi.

Pamene anthu ankafika kuseriko n'kuti tenti ikulendewera m'malamba, galimoto itachoka kale pansi pake.

"Munkhungu!" anakuwa bambo Yotamu. "Wakuba! Mng'ono wanga sanazizire n'komwe, inu mwayamba kale kugawana? Wakutuma ndani? Ukufuna ukagulitse kwa azungu ako?"

Ndinayesa kuyankha koma mawu anga anamira m'phokoso. Amayi ena ankawomba m'manja modabwa, wina anandikoka chitenje, wina anandilanda sipanala n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone, ngati wagwira mfiti ndi nyanga yake. Sipanala yanga, imene malemu anandipatsa ndi dzanja lawo. Wongani anafunsidwa, ndipo anati iye anangouzidwa kuti asunthe galimoto. Anali ndi mkazi ndi khanda, ndipo ulendo unkamudikira. Ndinamukwiyira zaka zambiri.

Ndinayang'ana kukhomo la nyumba. A NyaChirwa anali ataimirira pamenepo, amayi awiri atawagwira m'mikono. Iwo ankadziwa. Kangati anatibweretsera tiyi tikutsitsa tenti yomweyo pa maliro a anthu ena? Maso athu anakumana, kenako anaweramitsa mutu. Mkazi wamasiye amene ayamba kutsutsana ndi alamu ake thupi lili m'nyumba amadziwa chimene chikumudikira kumudzi.

Kuibwezera pamwamba sakanatha. Nthawi inali itatha, abusa akudikira, ndipo panalibe wina wodziwa kulowetsa mabawuti m'tinjanji tija. Anaitsitsira pansi, naikokera m'sitolo, nakhomanso loko. Katundu anamangidwa pazitsulo, pansipansi, zingwe zitagwira bwino. Ine anandiuza kuti ndituluke mumpanda ndipo ndisadzapondemonso. Ndinaima kunja, pafupi ndi masamba a pamsewu aja, mvula ikundiwaza, mpaka Nkhalamba inatuluka pang'onopang'ono, nyimbo ikumveka mkati. Inadutsa pafupi nane kwambiri moti ndinaona ngodya ya bokosi pawindo. Kutsanzikana kwanga ndi a Mhone kunali komweko.

Mbiri inafika ku Masasa ndisanafike ndi ine ndemwe. Nditafuna kubwerera kukasoka zigamba, mwini golosale uja anati khonde lake lili ndi wina. Kutchalitchi amayi ankakumbatira zikwama zawo ndikakhala pafupi. Achemwali anga anandifunsa maso ndi maso ngati ndinabadi, ndipo funso limenelo linandipweteka kuposa kukuwa konse kwa bambo Yotamu. Galaja inatsekedwa, zipangizo zinagawidwa, tenti ija ndinamva kuti inaolera m'sitolo kumudzi. Ndinakhala nthawi yaitali ndisanapezenso ntchito, ndipo pamene ndinaipeza kunali kutali ndi Mchengautuwa, kwa anthu osandidziwa.

Patapita miyezi ndinakumana ndi a NyaChirwa mumsika, ali ndi duku lakuda, ataonda. Ndinafuna kuwalambalala koma anandigwira dzanja.

"NyaPhiri, mwana wane."

"Mama."

Anayang'ana uku ndi uku kaye, ndipo anayankhula motsitsa. "Tinayenda makora, bwinobwino. Msewu unali woterera chomene, koma adada ako anafika bwino."

Sanapepese, ndipo sanakanene zimenezo kwa wina aliyense. Ndinafuna kuwafunsa chifukwa chake anakhala chete tsiku lija, koma ndinangoti, "Yewo, mama."

Mpaka lero ndimamanga matenti, tsopano pamalo pangapanga, ndipo amene amabwera kudzaphunzira ndimawauza zimene ndinatola tsiku limenelo. Ntchito ino ikagwirika bwino sipachitika kanthu. Galimoto imapita, imafika, anthu amatsika n'kumadandaula za fumbi. Palibe adzabwere kudzakuthokoza chifukwa cha ngozi imene sinachitike, ndipo ulibe choti ungaonetse munthu kuti akukhulupirire. Ngati ukufuna kuwomberedwa m'manja, kasoke madiresi a ukwati. Galimoto yanga nayonso amaipempha pamaliro, ndipo sindikana, koma kiyi satuluka m'thumba mwanga tenti isanatsike.

Ku Mchengautuwa alipobe okalamba ena amene amandidziwa ngati mtsikana uja anaba pamaliro. Pamene a Mhone anagona sindinapaonepo. Ndimangodziwa kuti anafika.