Elias, Tuluka

Filomena Zulu anabadwira kufupi ndi Guilleme, m'banja lolima mtedza. Atamaliza Fomu 4 anasankhidwa kukaphunzira zokonza magalimoto kusukulu ya ntchito zamanja. Maphunzirowo anali apawiri: miyezi ina m'kalasi, miyezi ina pagalaja. Iye anamutumiza kugalaja ya a Elias Mbewe, pa Boma, m'mbali mwa msewu wopita kuboda. Ine ndinkakhoma zidebe pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi galajayo, choncho zambiri ndinkaziona.

A Elias anali munthu wa khutu. Galimoto ikamabwera ankadziwa matenda ake isanaime. Anamulandira mtsikanayo monyinyirika, koma anamuphunzitsa. "Usanagwire sipanala uziyamba wayang'ana pansi," ankatero. "Chimene chikudontha ndicho chimakuuza."

Zinthu zinasokonekera atabwerako kukalasi ulendo wachiwiri. Tsiku lina, makasitomala ali pomwepo, Filomena anati kusukulu anawaphunzitsa kuti munthu asamalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha.

A Elias anapukuta manja pang'onopang'ono. "Iwe mwana, ine ndinayamba kulowa pansi pa malole amayi ako asanakwatiwe. Ukadzatchulanso za kusukulu kwakoko pano, udzatenge ovolosi yako uzipita."

Kuchotsedwa pagalaja kunali kutha kwa maphunziro, ndipo galaja ina yolandira mtsikana pa Boma panalibe. Kuyambira pamenepo Filomena ankangoti "inde bambo" basi.

M'dzinja la 2001 kunabwera lole ya simenti kuchokera ku Zambia itathyoka sipuling'i yakumbuyo. Mvula inali itangokata kumene, pabwalo pali matope. Dalaivala wake, Aleck, wa ku Zambia komweko, anali pachangu.

"Ba mudala, manje manje tiziyenda. Lilongwe ni patali."

"Ukafulumira unyamule simentiyo pamutu," anayankha a Elias.

Anayala thabwa pamatopepo, naikapo jeke, n'kukweza loleyo. Anachotsa matayala. Chitsa chachikulu chimene nthawi zina ankachirikizira malole chinali kuseri kwa galaja, ndipo palibe anachitchula. A Elias anayala katoni, n'kulowa chagada ndi hamala. Kunja kunangotsala miyendo.

Filomena anaima pambali ndi masipanala. Ndinamuona akuyang'ana pansi. Hamala ikagunda, m'mphepete mwa thabwa munkatumphuka madzi a matope. Ikagundanso, ankatumphukanso.

Ananjuta pafupi ndi miyendo ija.

"Pepani bambo, mwina mukadatuluka kaye pang'ono."

Hamala inapitiriza.

"Bambo, ndimati thabwali..."

"Ndipatse naintini," anatero a Elias ali pansipo.

Anawapatsa sipanalayo. Anayang'ana Aleck, koma iye anali kalikiliki kusenda nzimbe. Anayang'ana kwa ine, koma ine ndinali kutsidya kwa msewu. Kenaka anataya zitsulo zonse, n'kugwira mwendo wa mkuluyo ndi manja awiri.

"Elias, tuluka!"

Anawakoka mpaka katoni inang'ambika. Hamala inasiya kulira. Amayi ogulitsa mandasi pambali pa galaja anasiya kucheza. Dzina limenelo lopanda "a" patsogolo, ngakhale akazi awo sankalitchula.

A Elias anadzuka, msana wonse uli matope. Lole inangokhala chiimire, osagwedezeka n'komwe.

"Wandiitana ndani?"

Filomena anangoyang'ana thabwa lija.

"Iyi sukulu ni yaukali, ba mudala," anatero Aleck akuseka, koma anaseka yekha.

"Ndikufunsa iwe. Ndi zakusukulu zija?" anatero a Elias kwa Filomena.

"Ayi bambo. Ndi zanu. Munati ndiziyang'ana pansi."

A Elias anawerama, osalowanso pansi pa lole, n'kuyendetsa chala pathabwa lija. Chala chinalowa mumng'alu. Anachitulutsa, nachipukutira pa ovolosi.

"Aleck, taya nzimbezo. Kagubuduzeni chitsa kuseriko."

Anachigubuduza awiri, Aleck ndi Filomena, n'kuchilowetsa pansi pa chitsulo cha lole ndi mtengo wautali. Sanathe n'kuchiwongola bwino pamene thabwa linalira, jeke n'kupendekeka. Lole inatsika n'kukhala pachitsapo, fumbi la simenti n'kutuluka m'matumba. Pamalo pamene panali chifuwa cha a Elias, hamala yawo inali itakanikizidwa m'matope.

Ntchito anaimaliza madzulo. Poweruka a Elias sananene kuti abwere mawa, sananenenso kuti asabwere.

M'mawa mwake Filomena anafika n'kuima panja pa mpanda, ovolosi ili m'jumbo. Anaima choncho mpaka ine nditakhoma chidebe chimodzi. A Elias anali atazyolika mu injini ya minibasi. Anayankhula osadzutsa mutu.

"Mayi Zulu, mwaima pamenepo mukudikira basi? Chitsa chija chikhale pafupi."

Filomena analowa. Maphunziro anamaliza, ndipo patapita zaka anatsegula galaja yake pa Kamwendo. Ndinadutsapo tsiku lina ndikupita kumaliro. Ndinamupeza akulangiza mnyamata watsopano, atamuimika pafupi ndi zitsulo zochirikizira magalimoto.

"Ndikakhala pansi pa galimoto, dzina langa ndi Filomena. Za amayi uzisunge mpaka nditatuluka."