Nkhafi Zosanyowa

Phokoso lomwe silichoka m'makutu mwanga ndi la nkhafi zikumenya m'mbali mwa bwato: gu, gu, gu. Umo ndi mmene asodzi a padoko lathu, kufupi ndi Chipoka, ankagamulira nkhani. Mwini bwato aliyense ankabwera ndi nkhafi yake, ndipo mbali yomwe yamveka kwambiri ndiyo inkapambana. Panalibe kuwerenga. Tinkadziwana.

Matipate atangoyamba, kuba kunachuluka. Komiti ya padoko inaitanitsa msonkhano kuti tigwirizane njira imodzi yosungira mabwato. Bambo wina wa maboti a injini anati onse azimangidwa pa unyolo umodzi kutsogolo kwa shedi yake, pomwe panali mlonda. Akuluakulu anakana, nati pamalopo mphepo ya mwera imafika ndi mphamvu zonse, ndipo bwato losema silingapirire kugundana ndi boti la matabwa. Iwo ankafuna m'bango, tizilondera mosinthana.

Bwato ndi chokhacho chomwe malemu bambo anga anasiya. Agogo, amene anandilera, ankalibwereketsa kwa asodzi n'kumalandira usipa wa ndiwo. Tsikulo anandipatsa nkhafi ya bambo kuti ndikamenye m'malo mwawo, kumbali ya akuluakulu.

Nditafika ndinaona nkhafi zambiri zoyera, zosanyowapo, utuchi udakali m'mphepete. Zinali m'manja mwa antchito a bambo wa maboti uja ndi abale awo ochokera kumtunda, ena oti sanakwerepo bwato. Mkulu wina anafunsa ngati nkhafi yopanda bwato ili ndi mawu. Wapampando anayankha kuti mwambo umatchula nkhafi basi, ndipo poti tsopano ndi demokalase, sangathamangitse munthu.

"Ndiye mawa amayi abwere ndi mithiko," anatero mkuluyo. Anthu anaseka, koma voti inachitikabe.

Ndinamenya mpaka zikhatho zinatupa. Ngakhale ine mwini sindinkaimva nkhafi yanga. Mabwato onse anapita pa unyolo.

Mwera utakula, m'mawa wina ndinapeza unyolo uli bwinobwino, loko wosakhudzidwa, mlonda ali pampando wake. Palibe chomwe chinabedwa. Bwato lathu linali litang'ambika kuyambira kumutu mpaka pakati.

Agogo sanatsike kukaliona. Anangondifunsa ngati tsiku lija ndinamenya mwamphamvu. Ndinati inde.

Masana kunabwera mmodzi wa antchito aja, atanyamula chibenthu cha kumutu kwa bwato, pomwe bambo anga anasema chizindikiro chawo.

"Achimwene, ichi n'chanu. Ife anangotiuza kuti timenye."

Anachiika m'manja mwanga, n'kubwerera kunyanja.