Mlonda wa Pachipata

Chishango changa chinali cha katoni ya TV, chopakidwa penti yofiira, pakati pali chivindikiro cha chitini cha mabisiketi. Anandipangira ndi amalume, atakhala pansi m'khitchini, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo inali nyengo yozizira ku Newcastle, kunkada tikangoweruka kusukulu.

Temu imeneyo tinkaphunzira za Aroma. Aphunzitsi anatitengera pa basi kukaona linga limene Aromawo anamanga m'malire a dziko limene analanda. Ine ndinkayembekezera chikhoma chofika kumwamba, koma ndinapeza miyala yolekeza m'chiuno, nkhosa zikudya udzu pamene pankagona asilikali, mphepo ikuluma makutu. Titabwerako, aphunzitsi anati potsekera tidzachita sewero: ena adzateteza linga, ena adzaliukira kuchokera kumpoto. Ine anandisankha kukhala mlonda wa pachipata, ndipo ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yonse.

Amalume atamva anati ulonda uli m'magazi. Agogo awo anali msilikali wa azungu pa boma la ku Karonga nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, ankagona m'dzenje kuteteza mbendera ya eni ake. “Sanasunthe phazi,” ankatero amalume. “Nawenso pachipata paja usasunthe, mphwanga.” Sanandiuze kuti agogowo anabwerera kumudzi ndi bulangete limodzi ndi chifuwa chosatha. Zimenezo ndinadzamva kwa amayi nditakula.

Linga lenileni linali kwathu, ineyo sindinkaliona. Boma linali litakana pempho la amayi loti tikhale m'dzikomo, ndiye tinathawa m'nyumba imene anatipatsa n'kukabisala m'fulati ya nesi wina wa kutchalitchi, amene anali atapeza ntchito ku Leeds. Makatani ankakhala otseka ngakhale masana, m'nyumba mukununkha zovala zoyanikidwa pa hita. Kukhomo amayi ankatsekerezako mpando waukulu. Lamulo linali limodzi: wina akagogoda, usayankhe. “Ngakhale anene kuti ndi abusa.”

Koma amayi omwewo anandilera kuti munthu wamkulu akapanga odi sumuimika panja. M'mutu mwanga nkhaniyi inali yosavuta: ogogoda ndi adani, opanga odi ndi athu. Kupatula nesi uja, amene ankadziwa malowo anali amalume okha, mlongo wawo wa amayi wa bere limodzi, ndipo iwo sankagogoda. Ankatukula kachitseko koponyera makalata n'kunena chapansipansi, “Odi kuno, alonda.” Ine ndinkakankha mpando uja ndi msana, iwo n'kulowa ndi tchipisi m'thumba la jekete, manja atatumbuluka ndi madzi a kotsukira magalimoto kumene ankagwira ganyu mobisa.

Lachitatu lina m'mawa, sewero litatsala pang'ono, amayi anali kubafa, ine ndikuyeserera kuima ndi chishango. Kachitseko kanatukuka.

“Odi kuno, alonda.”

Ndinakankha mpando, ndinatsegula. Amalume anali patsogolo, maso ali pa nsapato zawo. Kumbuyo kwawo kunali anthu a imigireshoni atavala majekete akuda, mmodzi wamkazi, amene anandimwetulira n'kuyamikira chishango changa. Amayi anatuluka atamanga chitenje m'khwapa, sopo ali kukhutu. Sanakuwe. Anangoti, “Achimwene, ndinu?”

Ndakula ndi anthu ondiuza kuti ndiwamvetse amalume, akuti a imigireshoniwo anawagwira kuntchito dzulo lake, anachita mantha, munthu aliyense akanatero. Mwina. Akanatha kuloza khomo ali patali, anthuwo akanagogoda, ife tikanakhala chete mpaka athyole okha chitseko. Koma iwo anasankha kupanga odi, akudziwa bwino lomwe amene adzakankhe mpando. Ine sindidziimba mlandu ngakhale pang'ono. Ndinachita zimene anandiphunzitsa, ndipo mpaka lero amalume sindinawakhululukire. Ali ku Manchester, amatumiza zithunzi pa Khirisimasi, amayi amaziyang'ana kuno ku Bangwe kumene anatibweza n'kutembenuza foni.

Koma m'mawa umenewo nkhawa yanga inali ina. Akutikweza m'galimoto, ndinawapatsa amalume chishango kuti akapereke kwa aphunzitsi, akawauze kuti apeze mlonda wina ngati ndichedwe kubwera. Anachilandira ndi manja awiri. Galimoto ikunyamuka ndinawaona pawindo akuyenda okha kulowera ku siteshoni, katoni yofiira ili m'khwapa, popanda wowagwira. Ndinawamvera chisoni kuti awasiya, m'galimoto muli mipando yambiri yopanda anthu. Ndinawabayibitsa mpaka tinakhota, ndikudabwa chifukwa chake amayi akundigwira dzanja kuti nditsitse.