Makiyi atatu a nyumba ya lendi

Nditatumizidwa kukaphunzitsa ku Neno ndinapeza nyumba ya lendi pafupi ndi Boma, ya zipinda ziwiri. Ndikuti ziwiri chifukwa ndi zomwe ndinkalipira, koma m'chipinda chimodzi munkagona mbatatesi ya eni nyumba, yodikira nyengo yobzala. Mbatatesiyo lendi sinkaidziwa.

Eni nyumbawo anali bambo achikulire, mkulu wa mpingo, okonda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anali ndi kiyi wawo, eti woonera mbewu. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkapeza mpando wasuntha, iwo n'kundilonjera bwinobwino, kenako n'kuponyapo kuti, "Aphunzitsi, mbale zikagona zosatsuka zimaitana mphemvu." Tsiku lina ndinasiya zamkati nditayanika pampando. Pobwera ndinapeza azifunditsa chitenje. Ndinapsa mtima koopsa. Ine ntchembere yonseyi, yolandira malipiro a boma, kusowa ngakhale ngodya imodzi yoti anthu asaponyemo diso!

Mvula itayamba chitseko chinafufuma, ine n'kukakamiza kiyi, kiyiyo n'kuthyokera m'loko. Ndinapita kukawauza.

"Kodi wathyola ndani?" anafunsa bambowo.

"Chitseko chanu chofufumacho."

"Chitseko chilibe manja, aphunzitsi."

Tinakokanakokana mpaka anati tigawane pakati, loko ndi kalipentala yemwe, theka ine theka iwo. Ndinatsala pang'ono kuvomera, koma ndinayamba ndafunsa za makiyi, poti loko watsopano amabwera ndi atatu. Iwo anati mmodzi wanga, mmodzi wawo, wachitatu wa mayi akunyumba kwawo, chifukwa kuno aliyense woponyapo ndalama pa loko amasunga kiyi. Ine ndimaphunzitsa masamu, koma theka lotere sindinalionepo m'buku lililonse.

Komabe lamulo lawolo linanditsegula m'maso.

"Nanga ndikagula ndekha?"

Anakanda m'mutu. "Ndalama ndi zanu," anatero, mawu ali ozizira.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka pa Zalewa kukasaka loko wolimba, osati timaloko tomwe timatseguka ndi supuni. Kalipentala ndinamulipira ndekha. Makiyi onse atatu ndinawamanga pa mpango wanga, mbatatesi n'kututidwa pa wilibala, mwini wake nkhope ili ndwii. Miyezi inayi ndinadya bwino ufulu wanga. Mbale ndinkazigoneka zosatsuka mwadala, basi kungofuna kumva kukoma kwake.

Kenako anandigwira malungo. Lachisanu ndinaweruka mutu ukuwawa, ndinakiya chitseko n'kudziponya pabedi. Za Loweruka sindikumbuka bwino. Ndimangokumbuka ludzu, ndowa ya madzi ili poteropo koma miyendo ikukana. Foni inali itathima. Lamulungu masana mayi aja, pochokera kutchalitchi, anaona kuti makatani anga ali chitsekere kuyambira dzana. Anagogoda. Ndinkawamva ndithu, koma mawu sankatuluka. Anasuzumira pampata wa katani, n'kukuwa, "Mayo ine, aphunzitsi akufa!" Mawindo anali ndi zitsulo, ndipo makiyi onse atatu anali pansi pa pilo wanga.

Chimene ndinamva kenako ndi nkhwangwa. Mkulu wa mpingo, tsiku Lamulungu, jekete ili m'thupi, akuswa chitseko chake chomwe, cha mlombwa, chimene ankachinyadira kuposa ana ake. Loko wanga uja anaonetsadi kuti sindinabetse ndalama. Anakanirira mpaka felemu yonse inazuka, ine ndili gone kumvetsera, kutukwana nzeru zanga chamumtima.

Ndinagona m'chipatala masiku anayi. Mayi aja ankabwera ndi phala m'mawa uliwonse, bambo n'kumaima chapatali atanyamula nthochi, poti wodi ya amayi ankachita nayo manyazi. Tsiku lachitatu, ine ndi pakamwa pangapa, ndinawafunsa bambowo kuti za chitseko tigawana bwanji.

"Nkhwangwa inali m'manja mwanga," anatero. "Inu chirani."

Nditatuluka ndinapeza chitseko china, felemu yomatidwa simenti yosauma, ndi loko watsopano. Onse awiri ankandidikira pakhonde. Ndinkadziwa kuti agula okha, choncho ndinakonzeka kulandira kiyi mmodzi popanda kutsegula pakamwa. Bambowo anatambasula dzanja. Makiyi anali atatu, akadali pa kawaya kawo ka kusitolo.

"Tengani onse, aphunzitsi. Tinakusowetsani mtendere mokwanira."

Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo misozi inali pafupi. Ndinalimbana ndi kawayako, zala zikadali zofooka, mpaka kiyi mmodzi anachoka. Ndinamuika m'manja mwa mayiwo.

"Amayi," ndinatero, "mukadzaonanso makatani ali chitsekere, musadzagogode."